Botolo Lopanda Muyeso

M'misika ndi m'madepoti a basi mwachuluka anthu ogulitsa mabotolo a madzi obiriwira amene akuti amachiza matenda a shuga m'masabata awiri. Ife tikuti bodza limeneli likupititsa abale athu kumanda, ndipo sitingapitirize kukhala chete.

Wina asatimve molakwa: sitikunyoza zitsamba. Mapiritsi a metformin amene odwala shuga amalandira kuchipatala gwero lake ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis. Koma chitsamba chomwecho chimapha nkhosa zikachidya chambiri, ndipo mankhwala oyamba ochokera m'mphamvu yake ankaononga chiwindi ndi impso. Panapita zaka zambiri akatswiri akusefa ndi kuyesa, mpaka mu 1957 pamene dokotala Jean Sterne wa ku Paris anaonetsa kuti metformin ikhoza kupatsidwa kwa anthu. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa chiwindi kuthira shuga wochuluka m'magazi, ndipo sinenepetsa wodwala. Nawo makungwa a mtengo wa maapozi anatipatsa phlorizin mu 1835, amene amachititsa impso kutaya shuga mumkodzo. Mankhwala atsopano onga dapagliflozin anatsata njira yomweyo.

Tsono kusiyana kuli pati? Kuli pa muyeso. Piritsi la mamiligalamu 500 ndi lomwelo lero ndi mawa. Nanga m'botolo la kudepoti muli mphamvu yochuluka bwanji? Ngakhale mwini wake sadziwa. Masamba a nimu othyoledwa m'chilimwe sangafanane ndi a m'dzinja. Ndipo chitsamba chikakhaladi ndi mphamvu, wodwala nachimwera pamodzi ndi mapiritsi ena kapena jakisoni, shuga akhoza kutsika mopitirira, munthu n'kukomoka.

Chimene chikutiwawa koposa ndi cha ana. Mwana amene kapamba wake waleka kupanga insulin alibe tsamba lomupulumutsa. Shuga amadzaza m'magazi koma salowa m'minofu, choncho thupi, pomva njala, limayamba kuwotcha mafuta ake. Mafutawo amasiya asidi m'magazi. Mwana amawonda, amamva ludzu losatha, amasanza, amapuma mozama, kenaka amakomoka. Wogulitsa uja akaona kuwondako amati, "Mankhwala akutsuka m'thupi, onjezerani botolo lina." Insulin isanapezeke ku Toronto mu 1921, ana otere sankakhalitsa ndi moyo. Kodi tiwabwezere ku masiku amenewo ndi manja athu omwe?

Tikudziwa chimene chimakankhira makolo kudepoti. Chipatala chili kutali, mzere ndi wautali, ndipo nthawi zina mankhwala amakhala atatha. Mlandu umenewo ndi wa olamulira, ndipo tiwafunse mosaopa. Koma umphawi wa wodwala si chilolezo chomudyera masuku pamutu.

Chammwamba tidye ngati ndiwo, pakuti ndi chakudya chabwino. Koma ngati m'nyumba mwanu muli wodwala amene wayamba kumwa za m'botolo, musamulole kusiya mapiritsi. Pa tsiku la sikelo ya shuga, nyamulani botololo pamodzi ndi kabuku kake ka kuchipatala, mukaonetse adokotala.