Musatigulitse Manachesi Tisanalawe

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tikambeko za ndale, ndipo wopsa mtima apse.

Nyengo ya makonvenshoni ikafika, mawu awiri amamveka paliponse, kuyambira mumsika wa pa Mwanza mpaka pa chipata pomwe mathiraki amadikira kuolokera ku Zobue. Wina amati, "Uyu ndiye wodziwa ntchito, boma analiyendetsapo." Winanso amati, "Uyo ndiye angawine, ali ndi anthu." Ine ndikuti mawu awiriwa asanduka mpiringidzo wotsekera chitseko kuti m'chipani musachitike mpikisano.

Tiyambe ndi la "angawine". Amadziwa ndani? Mu 1999 Bingu wa Mutharika anaimira United Party, mavoti ake osafika ngakhale 1 peresenti. Mu 2004 anapambana pa tikiti ya UDF, mu 2009 n'kusesa ndi pafupifupi 66 peresenti. Mu 2013 Lazarus Chakwera anachoka paguwa la Assemblies of God, uphungu asanaulaweko, n'kupambana pa konvenshoni ya MCP. Pofika 2020 anali pulezidenti. Alosi athu a pa WhatsApp anali kuti?

Nanga la "wodziwa ntchito"? Joyce Banda anakhalapo nduna, wachiwiri kwa pulezidenti, kenako pulezidenti, koma mu 2014 anathera pa nambala 3. Chakwera, atalamula zaka zisanu, pa 16 September 2025 anangopeza 33 peresenti. Kukhalitsa pampando si umboni ayi. Funso n'lakuti mpandowo anachita nawo chiyani: feteleza anafika pa mtengo wanji, mafuta ankapezeka kodi, mankhwala m'chipatala analimo?

Mafunso amenewa malo ake oyamba ndi ku konvenshoni. Koma taonani za mu 2024. Mu August, MCP ku Lilongwe inadutsitsa Chakwera popanda wopikisana naye. DPP ku Blantyre inachita chimodzimodzi ndi Peter Mutharika, Kondwani Nankhumwa atachotsedwa kale m'chipani mu January. Mwa zipani zitatuzi, ndi UTM yokha, mu November ku Mzuzu, yomwe nthumwi zake zinasankhadi, pomwe Dalitso Kabambe anaposa Patricia Kaliati, Newton Kambala ndi Matthews Mtumbuka.

Mundiyankha kuti, "Aise, Kabambe wa mpikisanoyo anagwa, Mutharika wopanda mpikisano anawina ndi 56.8 peresenti." Zoona. Koma mafunso omwe nthumwi za MCP zinaopa kufunsa mu 2024, ovota anawafunsa okha chaka chotsatira, ndipo yankho lake chipani chikulimvabe kuwawa. Safunsa anadya phula. DPP nayo isaseke. Mutharika anabadwa mu 1940, teremu inoyi ndi yake yomaliza, ndipo pa konvenshoni ija palibe wolowa m'malo yemwe anayesedwa pamaso pa nthumwi. Mu 2030 adzatiuzanso kuti "angawine" ndi uje, umboni wake uti?

Ife kuno ku Mwanza tikudziwa komwe chipani chosafuna mafunso chimathera. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa pa msewu wa ku Thambani. Boma linati ndi ngozi ya galimoto; kafukufuku yemwe anakhazikitsidwa mu 1994 anapeza kuti anachita kuphedwa. Zinthu zinasintha, tiyamike: lero wofunsa amangolandira kalata yomuchotsa. Koma mantha a mpikisano sanachoke.

Tsono inu amene muli ndi makhadi a zipani, ndi inu nthumwi zomwe mumakwera basi kupita ku konvenshoni, kanani mpando wopanda mpikisano. Ofuna utsogoleri aime pagulu, atsutsane pa wailesi konvenshoni isanachitike, aliyense aonetse zomwe anachita pomwe anapatsidwapo udindo. Pamsewu wa Mwanza, wogula wochenjera amasenda nachesi mmodzi asanalipire dengu, poti amadziwa kuti khungu lowala silinena za kukoma. Dengu la manachesi limatha pa sabata. Pulezidenti tikhala naye zaka zisanu.