M'mera mpoyamba, ndi m'magazi momwe

M'mera mpoyamba, anatero akuluakulu. Mwambiwu timaukumbukira kumunda ndi polanga ana, koma kuchikuta timauiwala. Khanda likalira n'kuyamwa bwino, timangothokoza Mulungu, nkhani yatha.

Komatu alipo matenda odziwa kubisala. Mwana wa sickle cell amabadwa wosalala ngati anzake, poti magazi amene anali nawo ali m'mimba amamutchinjiriza kwa miyezi ingapo. Akamayandikira miyezi 6, tizala ndi timapazi timatupa, thupi limatentha pafupipafupi, magazi amachepa. Apa mpomwe mudzi umayamba kuweruza. Ena ati ndi tsempho, bamboyo wayenda njira zokhota. Ena ati palowa mfiti. Akuchimuna nawo ati kwathu kulibe zoterezi, chikhalirecho nthendayi mwana amatengera kwa makolo onse awiri, amene nthawi zambiri iwo eni sadwala n'komwe. Banja limagwedezeka, mbuzi zimathera kwa asing'anga, pa nkhani imene kadontho ka magazi a pachidendene kakanaiulula khandalo lisanathe sabata.

Njirayi si yadzulo. Robert Guthrie wa ku America anaiyambitsa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 pofufuza nthenda ina, ya PKU. Ku Kumasi m'dziko la Ghana anayamba kuyeza makanda sickle cell mu 1995, podziwa kuti mwana akadziwika msanga amayamba kumwa penisilini tsiku ndi tsiku, mankhwala otsika mtengo amene amamuteteza ku matenda amene amapha ana ambiri oterewa asanakwane zaka 5. Onjezanipo katemera ndi kugona m'masikito.

Chondiwawa n'chakuti kuno kwathu msewu unalambulidwa kale. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV limatengedwa magazi likakwana masabata 6, n'kuwadonthezera pa kapepala, njinga yamoto n'kunyamula kapepalako kupita ku labotale. Anamwino luso ali nalo. Chikuletsa n'chiyani kuti khanda lililonse liyezedwenso sickle cell mwa njira yomweyo?

Ena ati kuuza mayi za nthenda yosachizika ndi kumusenzetsa chisoni msanga. Akunena zoona ngati zotsatira zingachedwe miyezi, kapena mayiyo akafika pawindo n'kumva kuti mankhwala atha. N'chifukwa chake boma likamawerengera ndalama zoyezera, liwerengere limodzi penisilini, mankhwala a hydroxyurea, ndi njinga ya mlangizi wa zaumoyo wokafotokozera bambo ndi apongozi, asanayambe kuloza chala mayi wa mwana.