Boti lokana kulondoledwa lisapatsidwe chiphaso

Mlimi wa fodya wa ku Lisasadzi ku Kasungu sangagulitse belo ku Chinkhoma popanda nambala ya ku Tobacco Commission, ndipo belo likapezeka ndi zinyalala mwini wake amadziwika. Mlimi yemweyo lero amangomva fungo la chambo pamsika, mtengo wake sangaufike. Ngati boma limatha kulondola belo limodzi, lisatiuze kuti boti lalikulu lokoka khoka panyanja ya Malawi ndi lovuta kulondola. Boti lotere lizipatsidwa chiphaso pokhapokha lili ndi sonar komanso GPS yotumiza uthenga ku nthambi ya zausodzi usana ndi usiku.

Zida ziwirizi si zamatsenga. Sonar imaponya phokoso m'madzi, lomwe limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi. Likagunda pansi kapena kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba limabwerera, ndipo nthawi yomwe latenga imaonetsa kuya kwa madzi ndi pomwe pali gulu la nsomba. GPS imamvera masetilaiti oyenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo ikagwira anayi imawerengera pomwe boti lili. Malamulo amaletsa maboti akuluakulu kukoka kufupi ndi gombe, m'madzi osaya momwe chambo chimaswana. Lamulo lotere limafuna umboni wa malo ndi kuya, zomwe zidazi zimalemba zokha ngakhale pakati pa usiku.

Ena akuti sonar ndiyo imaliza nsomba chifukwa sizidzakhalanso ndi pobisala. Nkhawayi ndi yomveka, koma chambo chinayamba kusowa kalekale chifukwa cha maukonde a maso ang'onoang'ono ndi kupha nsomba nthawi yoswana. Nyanjayi imafika mamita 700 kuya, ndipo kafukufuku woyeza ndi phokoso wa m'ma 1990 anapeza ndunduma zambiri pakati pa nyanja. Sonar ndiyo ingatsogolere maboti kumeneko, kugombe n'kusiyira a mabwato. Enanso akudandaula za mtengo, koma wokwanitsa kugula injini, khoka ndi dizilo wa tsiku lililonse sangalephere kugula zida zotere. Amene akukana akuopa kuonekera komwe amapita. Aphungu a ku Kasungu asaione nkhaniyi ngati ya anzawo a ku Mangochi ndi Nkhotakota okha, pakuti anthu awo ndiwo ogula. Akafunse m'nyumba ya malamulo kuti ndi maboti angati omwe akulondoledwa, ndi angati omwe alandidwa chiphaso atagwidwa pamalo oletsedwa.