Wodropa sayansi asamalote za udokotala

Pali kachizolowezi kamene kafala m'sukulu zathu za sekondale, ndipo ine ndati ndisakhale chete. Ana ambiri akafika Fomu 3, kapena ikayandikira nthawi yolembetsa mayeso a MSCE ku MANEB, amasiya Fizikisi ndi Kemisitiri. Eni akewo amati kudropa. Ukawafunsa chifukwa, amati maphunzirowa ndi olimba, angawaonongere mapointi. Koma ukamufunsanso mwana yemweyo ntchito imene akufuna kudzagwira, mosaphethira amati udokotala. Abale, zimenezi zingatheke bwanji?

Tiyeni tiuzane zoona. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Kuti munthu aganiziridwe malo a udokotala kumeneko ndi MSCE, amafunika makirediti asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi, Masamu, Bayoloje, Fizikisi ndi Kemisitiri ziyenera kukhalapo. Kale maphunziro awiri omalizawa anali amodzi, tinkawatchula Physical Science, koma lero anawagawa pawiri. Wosiya limodzi mwa iwo, fomu yake imaikidwa pambali asanayambe n'komwe kuwerenga mapointi ake.

Ku America, wophunzira wa payunivesite akasiya kosi ya sayansi pakati pa teremu amangomulembera chilembo cha W, ndipo atha kudzaitenganso teremu ina. Kuno kwathu satifiketi ya MSCE sinena kuti mwanayu anayamba bwino koma anatopa panjira. Phunzirolo limangosowapo basi. Ukhoza kupeza mapointi 8, mudzi wonse n'kululutira, koma ngati mapointiwo achokera ku Jogalafe, Histole ndi Baibulo popanda Kemisitiri, khomo la udokotala silitseguka. Ngakhale za unamwino ndi za ukiliniko ofesala ku Malawi College of Health Sciences, kapena m'makoleji a mishoni monga wa ku Ekwendeni, nazonso zimafuna sayansi.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mantha a mapointiwa alibe maziko enieni. Pa MSCE amawonkhetsa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino koposa. Ngati walemba asanu ndi atatu ndipo Fizikisi wapeza 5, atalo ena n'kukhala apamwamba, 5 ameneyo sakukokera pansi. Ndi kirediti ndithu, pakuti makirediti amayambira pa 3 kulekeza pa 6. Kunena zoona, 5 sangakupikisanitse bwino pa udokotala weniweni, chifukwa malo ndi ochepa ndipo amene amawalimbirana amabwera ndi ma 1 ndi ma 2. Komabe 5 ameneyo atha kukulowetsa m'makoleji ena a zaumoyo, pomwe wodropa alibe pogwira paliponse.

Ena anena kuti ndikulankhula ngati munthu wosadziwa za kumudzi. Ndikuzidziwa. Kwathu kwa Lupembe, m'boma la Karonga, ana ambiri amadalira sukulu zoyendera za CDSS, zomwe boma linakhazikitsa mu 1998 kuchokera ku ma DEC akale aja. M'dziko muno sukulu zambiri za mtundu umenewu zilibe labotale yokwanira, ndipo aphunzitsi a sayansi ndi ochepa. Mwana amaloweza za asidi pabolodi, n'kudzakumana ndi botolo lake koyamba pa tsiku la mayeso a pulakitiko. Mwana wotere akagwa ulesi sitingamuloze chala yekha. Boma linathetsa kota mu 2020, ndipo ambiri kumpoto kuno tinaomba m'manja. Koma kuthetsa kota popanda kumanga malabotale n'kuthamangitsa mpikisano umodzi wovala nsapato ndi wopanda nsapato paminga.

Ngakhale zili choncho, ine ndikuti kudropa kumangowonjezera bala pa bala. Wodwala wa kwa Lupembe matenda akakula amathamangira naye ku chipatala cha boma ku Karonga, zikakanika amamutumiza ku Mzuzu Central. Tsono ngati ana athu onse athawa Kemisitiri, dokotala womva Chitumbuka ndi Chinkhonde, woti agogo amufotokozere bwinobwino pomwe pakupweteka, adzachokera kuti?

Inu makolo a geni, amene mumalawirira kukapikula mpunga wa kilombero ndi usipa kuti mwana apeze yunifomu ndi makope, musamangofunsa kuti wakhala nambala chani. Mufunseni maphunziro amene walembetsa, ndipo ngati n'kotheka pitani mukaonane ndi a hedi mayina asanapite ku MANEB. Katundu simumapikula muli chitsinzinire, nanga tsogolo la mwana mulisiyirenji m'manja mwa anzake a m'kalasi? Paja safunsa anadya phula.

Nanunso aphunzitsi, mwambo wolangiza ana ofooka kuti asiye sayansi pofuna kuti sukulu ioneke yokhoza bwino muuleke. Muuzeni mwana poyera ntchito zimene akudzitsekera, kenako asankhe yekha akudziwa. Ngati mtima wake uli pa zamalamulo kapena utolankhani, palibe mlandu, adrope ndithu. Dziko limafunanso anthu amenewo.

Ndipo iwe wophunzira amene unadropa kale, usataye mtima. Mayeso a MSCE amalola kubwereza, ndipo masukulu a open alipo. Chaka chimodzi chobwereza n'chowawa, koma chimatha. Ungodziwa kuti amene amasankhidwa ku udokotala amayamba ndi chaka chokonzekera, momwe amakumananso ndi Fizikisi, Kemisitiri, Bayoloje ndi Masamu omwe aja. Walira mvula walira matope. Ngati udokotalawo ukuufunadi, bwerera m'kalasi la Kemisitiri teremu inoyi isanathe.