Duwa la thonje ndi mphatso ya womaliza maphunziro

Mwambo wolandira masatifiketi ukayandikira pa Salima Technical College ku Senga Bay, kapena mwana wa m'mudzi akaitanidwa ku Zomba kukavala mkanjo wa digiri, m'mabanja ambiri mumabuka kamkangano kosatuluka pakhomo. Adzukulu amafuna maluwa, pakuti ndiwo amaona pa zithunzi za anzawo pa Facebook. Agogo amangoti kukamwa yasa. Kwa iwo nkhata ya maluwa malo ake ndi pamanda, ndipo kuveka mwana wamoyo chinthu chotere tsiku lachisangalalo kumawakhala ngati malodza.

Agogowo sakulakwa kwenikweni. Kale mwana akamatuluka ku chinamwali, kaya pakati pa Achewa kaya Ayao a m'mbali mwa nyanjayi, ankamufupa ndi nsalu yatsopano, mikanda, nkhuku kapena ndalama. Palibe ankathyola maluwa. Mphatso inkayenera kuvalidwa, kudyedwa kapena kuswana, chifukwa kupatsa n'kuika. Komabe adzukulu nawonso sakulakwa, popeza mwambo wa mikanjo ndi zisoti udabwera ndi zokometsera zake. Vuto lagona pa mtundu wa duwa limene banja lasankha.

Maluwa ogula ku Lilongwe amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kutsika kuchigwa, ndipo dzuwa la ku Salima silichedwa kuwaweramitsa mitu. Nkhata zapulasitiki zonyezimira zija sizifota, n'zoona, koma mawa lake zimakolekedwa pamsomali, chaka chikatha ana aziseweretsa, mapeto ake zili m'ngalande yolowera kunyanja. Ndalama yake ikadagula nsapato zofunira ntchito. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo aliyense amene adaonapo namasupuni akudziwa zimenezi: duwa lake ndi lokongola ndithu, koma chomerachi, chomwe kwawo ndi ku South America, chatsamwitsa mtsinje wa Shire kwa zaka zambiri.

Boma la Salima lili ndi duwa lakelake limene anthu amalidutsa osaliyang'ana. Ndilo duwa la thonje. Limatseguka m'mawa lili loyera motuwira kuchikasu, pofika tsiku lotsatira lafiira, ndipo posakhalitsa limayoyoka. Mlimi sadandaula likagwa, chifukwa pamalo pake pamatsala kachipatso kobiriwira kamene pakapita miyezi pafupifupi iwiri kamaphulika n'kuonetsa thonje. Tsiku la mkanjo lili chimodzimodzi. Nthungululu ndi zithunzi zimatha madzulo omwewo, ndipo chimene banja lidagulitsira mbuzi ndi mpunga chimayamba kuoneka pambuyo pake, mwanayo akayamba kuyenda ndi envulopu ya mapepala m'maofesi.

N'chifukwa chake chitenje cha thonje chojambulidwa maluwa chimaposa nkhata iliyonse. Chidayamba ngati duwa m'munda, chikubwerera kwa mwana chili ndi maluwa pamwamba, ndipo agogo sangachikane popeza ndi mphatso yomwe ija ya kuchinamwali. Mtsikana adzachivala kutchalitchi kapena kumaliro, adzachiyala pabedi m'kachipinda ka lendi ku Area 25, ndipo tsiku lina adzaberekera mwana. Mnyamata angathe kupita nacho kwa telala n'kusoketsa shati. Wogula asamale ndithu: zitenje zambiri zotchipa pamsika masiku ano ndi za poliyesitala, zoterera ndi zotentha pathupi, zimene sizidapiteko m'munda wa thonje. Afunse cha thonje, monga zimene fakitale ya David Whitehead ku Blantyre idadziwika nazo, achikhudze ndi manja. Cha nkhope ya wandale chisiyidwe pomwepo, ngakhale chikhale ndi maluwa m'mphepete.

Amene ali ndi malo angaonjezere mbande ya mango omezanitsa. Mitengo ya mango kuno imachita maluwa m'nyengo ya mwera, cha mu Julaye ndi Ogasiti, ndipo fungo lake limadzaza mudzi wonse. Mtengo womezanitsa umayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo si mwangozi kuti kampani ya Malawi Mangoes idasankha kumanga fakitale yake ku Salima.

Ena adzati mtengo ndi mphatso yosayenera wachinyamata, chifukwa akangolandira satifiketi amakwera minibasi ya ku Lilongwe, mwinanso basi ya ku Johannesburg, ndipo mtengo sulowa m'chikwama. Mfundoyi ndi yomveka, koma ubwino wa mtengowo uli pomwepo. Umatsala pakhomo uli ndi dzina la mwini wake, ndipo amayi akamaimba foni amakhala ndi chonena: mango ako achita maluwa chaka chino, ubwera liti? Mwana amene ali ndi mtengo kwawo savutika kupeza chifukwa chobwerera.

Mbandeyo ingaperekedwe tsiku la mwambo ili m'chubu chake, koma kubzala kudikire mvula, m'nyengo yobzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Wolandirayo akumbe dzenje yekha asanachoke, ndipo amangire mpanda waminga wolimba, chifukwa mbuzi za ku Salima sizilemekeza digiri.