Kodi nkhokwe ndi ya yani? Makampani aakulu alimbirana mapulogalamu osungira cidziwitso

LUSAKA – M'caka ca 2025 munacitika zinthu zitatu pa msika wa mapulogalamu a pa kompyuta zimene sizinamveke kwenikweni m'dziko muno, koma zikhudza mabanki, zipatala ndi maofesi amene amasunga mabuku ao pa kompyuta.

Mu Epulo, kampani ya Microsoft inakweza mtengo wa pulogalamu yake ya Power BI Pro kucoka pa madola 10 kufika pa madola 14 pa munthu aliyense pamwezi. Mu Meyi, kampani ya Databricks inalengeza kuti idzagula kampani yaing'ono ya Neon pa mtengo wa pafupifupi madola biliyoni imodzi. Mu Juni, kampani ya Snowflake, imene ipikisana ndi Databricks, nayonso inalengeza kuti idzagula kampani ya Crunchy Data. Makampani awiri ogulidwawo malonda ao anali ozikidwa pa pulogalamu imodzi, yocedwa PostgreSQL.

Kuti nkhaniyi imveke, m'pofunika kusiyanitsa zida ziwiri. Coyamba ndi database, imene ili ngati nkhokwe. M'menemo ndi mmene banki imasunga maina a makasitomala ndi ndalama zao, ndipo cipatala cimasungamo mbiri ya odwala. Caciwiri ndi mapulogalamu a business intelligence, monga Power BI ndi Tableau. Amenewa amatapa m'nkhokwemo, kuwerengetsa, ndi kuonetsa mkulu wa pa nchito zithunzi zomveka: matumba a feteleza amene agulidwa ku Chipata mwezi uno, kapena boma limene odwala malungo aculuka.

Bungwe likasankha zida zimenezi, kawirikawiri limakhala nazo zaka zambiri. N'cifukwa cake kudziwa mwini wa pulogalamu, ndi kudziwa ngati n'kotheka kutulukamo ndi cidziwitso conse, kuli kofunika kuposa kukongola kwa zithunzi zimene wogulitsa amaonetsa pa tsiku loitanira malonda.

Eni ake amasintha

Mbiri ya malonda amenewa ionetsa kuti pulogalamu yabwino siikhalitsa m'manja mwa amene anaipanga. M'caka cimodzi cabe, ca 2007, makampani atatu amene anali patsogolo pa business intelligence anagwa m'manja mwa akuluakulu. Oracle inagula Hyperion pa madola mabiliyoni 3.3, SAP ya ku Germany inapangana zogula Business Objects pa mayuro mabiliyoni 4.8, ndipo IBM inapangana zogula Cognos ya ku Canada pa pafupifupi madola mabiliyoni 5.

Patapita zaka khumi ndi ziwiri, zomwezo zinacitikanso. Mu Juni 2019, Google inalengeza kugula Looker pa madola mabiliyoni 2.6, ndipo patangopita masiku ocepa Salesforce inalengeza kugula Tableau pa madola mabiliyoni 15.7. Mabungwe amene anasankha mapulogalamuwa cifukwa cakuti anali oima paokha anangozindikira kuti tsopano akukambirana mitengo ndi mwini wina.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya MySQL, database imene aliyense anali ndi ufulu woisewenzetsa kwaulere. Mu 2008 inagulidwa ndi Sun Microsystems, ndipo mu Januwale 2010 kampani ya Oracle inatsiriza kugula Sun yeniyeniyo pa madola mabiliyoni 7.4. Motero database yaulere inakhala ya kampani imene cuma cake cimacokera pa kugulitsa database yolipiritsa.

A Michael Widenius a ku Finland, mmodzi mwa amene anayambitsa MySQL, sanadikire kuona zotsatira. Mu 2009 anatenga malangizo onse opangira pulogalamuyo nayambitsa ina, imene anaicha MariaDB. Lamulo linawalola kutero cifukwa laisensi ya MySQL inali ya mtundu wa open source, imene imapatsa munthu aliyense ufulu woona, kusintha ndi kugawira ena pulogalamuyo. Pofika mu 2013, Wikipedia inali itasamukira ku MariaDB.

Koma naonso ufulu umenewu ungathe kugwedezeka ngati mwini wa pulogalamu ndi kampani imodzi. Mu Malichi 2024, kampani ya Redis inasintha laisensi ya database yake, ponena kuti makampani akuluakulu obwereketsa makompyuta pa intaneti anali kupindula nayo popanda kubwezapo kanthu. Patangopita masiku, bungwe la Linux Foundation linalengeza pulogalamu ina yolowa m'malo, yocedwa Valkey. Mu Meyi 2025, Redis inabwezeretsa laisensi ya open source, koma ena anali atacoka kale.

Apa m'pamene PostgreSQL isiyanira ndi zinzake. Inayambira pa yunivesite ya California ku Berkeley mu 1986, motsogozedwa ndi a Michael Stonebraker, ndipo lero imasamalidwa ndi gulu la akatswiri a m'maiko osiyanasiyana. Palibe kampani imene ili mwini wake. Databricks ndi Snowflake anagula makampani ocita malonda ndi PostgreSQL, koma pulogalamu yeniyeniyo sangaigule.

Mmene zikhudzira Zambia

Dziko la Zambia lisewenzetsa njira zonse ziwiri. Dongosolo la boma loyendetsera ndalama, lodziwika kuti IFMIS, linamangidwa pa pulogalamu ya SAP, imene ndi yolipiritsa. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala kupyolera mu DHIS2, pulogalamu ya open source yotsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, imene nkhokwe yake ndi PostgreSQL. Malawi ndi maiko ena oposa 70 amaisewenzetsanso.

Nao amalonda akukankhidwira ku makompyuta. Kuyambira mu 2024, bungwe lotolera misonkho la ZRA linayamba kusewenzetsa dongosolo la Smart Invoice, limene limatumiza ku bungweli mbiri ya zogulitsa kupyolera pa intaneti. Sitolo imene kale inadalira buku ndi colembera tsopano ifunika kusankha pulogalamu.

Pali zinthu zitatu zimene zicititsa kuti kusankhaku kukhale kolemera kwa Mzambia kuposa kwa mnzake wa ku Ulaya.

Coyamba ndi ndalama. Mitengo ya mapulogalamu ambiri imaikidwa m'madola, pamene bungwe la kuno limapeza makwacha. Kampani ya anchito 100 osewenzetsa Power BI Pro inali kulipira madola 12,000 pacaka. Pa mtengo watsopano ilipira madola 16,800. Kwacha ikagwa, ngongoleyo imakula popanda wogulitsa kusintha ciliconse.

Caciwiri ndi lamulo. Lamulo loteteza cidziwitso ca anthu, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2021, linaika malire pa kusunga kunja kwa dziko mbiri ya anthu, makamaka yacinsinsi monga ya matenda. Mapulogalamu ambiri atsopano amagwira nchito pa makompyuta a eni ake okha, amene ali kunja. Bungwe limene silifunsa kumene cidziwitso cake cidzasungidwa lingadzapezeke pa mlandu.

Cacitatu ndi magetsi. Cilala ca mu 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo madera ambiri anali kukhala mbali yaikulu ya tsiku opanda magetsi. Amene amasunga nkhokwe pa makompyuta a mu ofesi mwao anafunika majenereta kapena magetsi a dzuwa. Amene amasunga kunja anapulumuka pa vutolo, koma intaneti ikaduka sakanatha kufika pa mabuku ao omwe.

Caulere naco cili ndi mtengo

Kungakhale kulakwa kuganiza kuti open source ndiyo yankho pa zonse. Pulogalamu yaulere imafuna munthu woidziwa, woisamalira tsiku ndi tsiku ndi kusunga makope ake. Katswiri wotere akapeza nchito ya malipiro abwino ku Johannesburg, bungwe limatsala ndi nkhokwe imene palibe wodziwa kuitsegula. Pulogalamu yolipiritsa imabwera ndi pangano la thandizo, ndipo banki imakhala ndi woimba mlandu zinthu zikalakwika.

Kusamuka nakonso si cinthu capafupi. Khonsolo ya mzinda wa Birmingham ku Britain inasamutsa mabuku ake a zacuma kucoka ku SAP kupita ku Oracle mu 2022. Nchitoyo inayembekezeka kudya pafupifupi mapaundi mamiliyoni 20, koma pofika mu 2023 khonsoloyo inanena kuti ndalamazo zingafike mamiliyoni 100, ndipo kwa nthawi yaitali inalephera kutulutsa malipoti odalirika a zacuma. Mu Seputembala 2023 inalengeza kuti ilibe ndalama zokwanira bajeti yake. Cifukwa cacikulu cinali ngongole ya malipiro a anchito aakazi, koma vuto la makompyuta linaonjezera mtolo.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Cidziwitso cimene bungwe silingathe kucitulutsa palokha sicili m'manja mwake kwenikweni. Conco, pangano lisanasainidwe, oyang'anira zogula afunika kudziwa ngati mbiri yonse ingakopedwe mwa njira imene pulogalamu ina ingawerenge, ndi ndalama zimene kukopako kudzadya. Afunika kudziwa cimene cidzacitikira mtengo ngati kampaniyo yagulidwa, ndiponso ngati m'dziko muno muli anthu okwanira odziwa pulogalamuyo.

Mpikisano pakati pa makampani aakuluwa wakula cifukwa ca mapulogalamu a AI, amene amadalira cidziwitso coculuka, ndipo kugulana kwa makampani kuoneka kuti kudzapitirira. Zambia ilibe mau pa malonda amenewo. Mphamvu imene mabungwe a m'dziko muno ali nayo ili pa mau a m'pangano limene amasaina, ndi pa kuphunzitsa akatswiri ao.