Chamwamba ndi ndiwo, si chipatala

Mawu akuti antioxidant afika pa Bua. Kale tinkangowamva pa wailesi, koma lero ali pa timabotolo ta ufa wobiriwira timene anyamata akutsatsa m'maminibasi a mumsewu wa M5, kuchokera pa boma la Nkhotakota mpaka ku Dwangwa. Pa kapepala komata pa botolopo amalemba kuti ufa wa chamwamba uli ndi ma antioxidant ambiri, kenako n'kundandalika matenda amene akuti umachiza: shuga, BP, khansa, ngakhale HIV. Mbali yoyambayo ndi yoona. Yachiwiriyo ndiyo ikundiopsa, chifukwa munthu akaikhulupirira amatha kusiya mankhwala a kuchipatala.

Kodi antioxidant n'chiyani? Mukadula nthochi kapena peyala n'kuisiya pambale, imada. Khasu likagonera panja m'dzinja limachita dzimbiri. Zonsezi amachititsa ndi mpweya wa okosijeni. M'thupi mwathu namonso, pamene chakudya chikusanduka mphamvu, mumatuluka tizinthu totchedwa free radicals timene timaononga maselo tikachuluka. Antioxidant ndi chilichonse chimene chimachedwetsa kuonongekako. Nthochi yothiridwa madzi a ndimu imachedwa kuda chifukwa mu ndimu muli vitamini C, amene ndi mmodzi mwa ma antioxidant.

Akatswiri akafuna kudziwa zimene zili m'tsamba, amaliumitsa pamthunzi, kulisinja, n'kuviika ufawo m'madzi kapena mu mowa wa mu labotale wotchedwa methanol kapena ethanol. Akasefa, amadonthezera madziwo mu mankhwala otchedwa DPPH, amene mtundu wake umafanana ndi maluwa a jakaranda. Ngati m'tsambamo muli ma antioxidant, mtunduwo umazilala n'kusanduka wachikasu, ndipo makina amayeza kuti wazilala motani. Pofuna kudziwa maina a zinthuzo amagwiritsa ntchito makina ena otchedwa HPLC, amene amazilekanitsa chimodzichimodzi monga mmene mayi amapetera mpunga. M'masamba a chamwamba apezamo quercetin, kaempferol ndi chlorogenic acid.

Mainawa akumveka apamwamba, koma musachite nawo mantha. Quercetin yemweyo ali mu anyezi wa pamsika. Chlorogenic acid ali mu khofi. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje ali ndi ake. Mutatenga bonongwe, nkhwani kapena chigwada, nazonso zingazilalitse DPPH uja, chifukwa pafupifupi tsamba lililonse limapanga zinthuzi podziteteza ku dzuwa ndi tizilombo. Choncho kunena kuti tsamba lakuti lili ndi ma antioxidant sikunena zachilendo ayi.

Chinanso, kabotolo ka mu labotale kalibe m'mimba, kalibe chiwindi. Chimene chachitika m'menemo sichiuza munthu kuti chinthucho chikamwedwa chilowa m'magazi chochuluka bwanji, kapena chikachita chiyani chikalowa. Ku Finland anayesapo zimenezi pa amuna osuta fodya pafupifupi 29,000. Ena ankawapatsa mapiritsi a beta-carotene, antioxidant wa mu karoti, poganiza kuti awateteza ku khansa ya m'mapapo. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansayo inapezeka kuti yakwera ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa mapiritsiwo. Karoti wakudya alibe mlandu. Chimene chinavuta n'kuchotsa chinthu chimodzi n'kuchimwa chambiri.

Sindikunyoza mankhwala azitsamba, ndipo asing'anga amene amadziwa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Bua ndimawapatsa ulemu. LA amene timalandira kuchipatala tikadwala malungo kuyambira mu 2007 anachokera ku tsamba. Mayi Tu Youyou a ku China ndi anzawo anapeza artemisinin mu 1972 m'chitsamba chotchedwa Artemisia annua, atawerenga mabuku akale a asing'anga a kwawo. Koma sanalekere pomwepo. Anaona kuti kutentha kunkapha mphamvu ya mankhwalawo, anasintha njira yowatulutsira, anayesa pa mbewa ndi anyani, kenako pa anthu, mpaka mlingo wake unadziwika. Mayiwa analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Chamwamba sichinadutse njira yotereyi pa matenda amene alembedwa pa botolo lija.

Ife poyambira tili napo. Jessie Williamson analemba buku la zomera zothandiza za dziko lino mu 1955, ku Zomba kuli National Herbarium kumene amasunga ndi kuzindikira zomera, ndipo masukulu a KUHeS, MUST ndi LUANAR ali ndi ma labotale. Chimene ndikupempha a PMRA ndi a Malawi Bureau of Standards n'chakuti agule timabotolo ta m'minibasi timeneti akatiyeze. Ufa wosauma bwino umachita nkhungu, ndipo wogula sangadziwe ngati ufa wobiriwirawo ndi chamwambadi.

Nanga chamwamba titaye? Ayi. Kuno kunyanja nsima yathu ndi kondowole, ndipo chinangwa chili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri. Masiku amene usipa wasowa kapena wakwera mtengo, masamba a chamwamba amathandiza, pakuti ali ndi zomanga thupi, ayironi, kashiamu ndi zimene thupi limapangira vitamini A. Mtengo wake umakonda kotentha ngati kwathu kuno, ndipo nthambi yake mukangoizika m'dothi imaphuka. Masambawo umitsani pamthunzi, osati padzuwa, ndipo pophika musawawiritse nthawi yaitali, chifukwa vitamini C amatha ndi moto. Otendera ndi nsinjiro ana amadya osawakakamiza.

Kwa inu amene mukumwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, pitirizani kumwa monga anakuuzirani. Ndipo tsiku lokatenga mankhwala likafika, auzeni adokotala zitsamba zonse zimene mukumwa, botolo lake mutanyamula, chifukwa zitsamba zina zimasokoneza mmene mapiritsi amagwirira ntchito m'thupi.